Momwe Mandala Adalowera M'dziko la Eni

Kampani ikaganiza zokachita malonda kudziko lina, ambiri timayesa kuti chimene eni ake amayamba kusinkhasinkha ndi katundu: tikagulitsako chiyani, tikagulako chiyani. Koma mbiri ya malonda imasonyeza kuti funso lolemera kuposa limenelo ndi lakuti tikadalira yani tikakafika. Alipo makampani amene amatsala kwawo kapena padoko, n'kumapereka katundu kwa amalonda a komweko kuti ndiwo alowe naye kumidzi. Ena amapeza mnzawo wa m'dzikomo, n'kusonkha mpamba pamodzi, phindu likabwera n'kugawana, zikatayika n'kulirira limodzi. Ndiye pali ena amene amanyamuka ndi zonse, kukamanga okha masitolo, kukalemba okha antchito, kukalambula okha misewu. Njira yomalizayi imakoma chifukwa palibe wokuuza chochita, koma ndi imene imadya ndalama zambiri, ndiponso imamangirira kampani pamalo moti zinthu zikavuta singangolongedza n'kubwerera kwawo. Kuno kwathu tili ndi chitsanzo chakale cha kampani imene idasankha njira imeneyi, African Lakes Company, imene makolo athu ankaidziwa ndi dzina lakuti Mandala. Mfundo yanga ndi yakuti zazikulu zimene zidaigwera, kuyambira kusowa phindu, nkhondo ya ku Karonga, mpaka kugwa m'manja mwa Cecil Rhodes, zidachokera m'kalowedwe kake, osati m'tsoka kapena m'nkhanza za adani ake zokha.

Kampaniyi idabadwira ku Glasgow mu 1878, dzina lake loyamba lili Livingstonia Central Africa Company, ndipo dzinalo likuulula kholo lake. David Livingstone, amene adafika kunyanja yathu mu 1859, adali atafalitsa ku Britain ganizo lakuti malonda a akapolo sangathe ndi ulaliki wokha, koma pokhapokha mafumu atapeza china chogulitsa m'malo mwa anthu. Iye atamwalira mu 1873, mipingo ya ku Scotland idatumiza amishoni: a Livingstonia adafika ku Cape Maclear mu 1875 ndi sitima yawo ya Ilala, a Blantyre adakhazikika mu 1876. Sipadapite nthawi, amishoniwo adaona kuti masiku awo akuthera m'kuitanitsa nsalu, kulipira onyamula katundu ndi kukonza sitima. Amalonda olemera a ku Glasgow amene ankathandiza mishoni ya Livingstonia, wotchuka mwa iwo James Stevenson, adagwirizana zoyambitsa kampani yoti isenze ntchito zimenezi kwinaku ikutsegula malonda opanda magazi. Mpamba wake udali mapaundi 20,000. Oiyang'anira kuno adali abale awiri a ku Edinburgh, John ndi Frederick Moir. John ankavala mandala, ndipo dzinalo lidamumatira iye, nyumba yake ndi kampani yonse. Mu 1881 idatchedwa African Lakes Company, ndipo mu 1882 adamanga nyumba yosanja imene idakaima ku Blantyre mpaka lero.

Abale a Moir sadafike m'dziko lopanda malonda, ndipo apa m'pamene nkhani zakale zotamanda kampaniyi zimatisokeretsa. Ayao adali atayenda kwa mibadwo ingapo ndi minyanga ya njovu kupita ku Kilwa ndi kumadoko ena a kunyanja yamchere, ndipo mafumu monga Mataka, Makanjira ndi Mponda adakula mphamvu chifukwa cha maulendo amenewo. Ku Nkhotakota, Jumbe Salim bin Abdallah adali atakhazikika kuyambira zaka za m'ma 1840, zombo zake zikuwolotsa minyanga ndi akapolo kupita kutsidya la kum'mawa. Kumbuyo kwa onsewa kudali Zanzibar, ndipo kumeneko n'kumene tingaone momwe makampani ena akunja adathetsera vuto lomweli. Amalonda a ku Salem ku America ndi a ku Hamburg ku Germany, monga kampani ya O'Swald, sankalowa kumtunda. Ankatsitsa nsalu, waya ndi mikanda pachilumbapo n'kugulitsa kwa Amwenye olemera. Amwenyewo ankapereka katunduyo pangongole kwa atsogoleri a maulendo, monga momwe Tharia Topan ankachitira ndi Tippu Tip, ndipo atsogoleriwo ankasowa chaka kapena zaka ziwiri m'kati mwa Africa, n'kubwera ndi minyanga yobwezera ngongole. Aliyense ankasenza gawo la ngozi limene ankalidziwa: Mzungu ankadziwa nyanja yamchere ndi misika ya kwawo, Mmwenye ankadziwa yemwe angabweze ngongole, Mswahili ndi Myao ankadziwa njira, zilankhulo ndi mafumu. Malonda amenewa adali onyowa ndi magazi, pakuti maulendo omwewo ndi amene ankakusa akapolo, ndipo palibe chowayeretsa. Koma tikayang'ana kayendetsedwe kokha, adali atapeza yankho la mtunda wautali, moti kampani ya ku Hamburg ikadaluza ikadangotseka nyumba yake yosungiramo katundu n'kukwera chombo.

A ku Glasgow sakadalandira yankho limenelo, ndipo chifukwa chawo chidali chabwino. Munthu amene wabwera kudzathetsa ukapolo sangapereke nsalu zake pangongole kwa wogula akapolo. Koma kukana kumeneko kudali ndi mtengo wake, ndipo sindikhulupirira kuti adauwerengera mokwanira. Kukana amkhalapakati kudatanthauza kuti kampani ikhale yokha ndi njira yonse kuchokera kunyanja yamchere kufika kunyanja yathu. Tangoionani njirayo momwe idalili. Katundu ankatsika ku Quelimane, m'manja mwa Apwitikizi amene ankadula msonkho. Kuchoka apo ankakwera mabwato mumtsinje wa Kwakwa, kenaka n'kusenzedwa pamutu kudutsa pamtunda kukafika ku Zambezi. Apo sitima ya kampani, Lady Nyassa, inkamutenga kukwera Zambezi ndi Shire mpaka kwa Katunga, kufupi ndi Chikwawa, kumene mathithi amatseka mtsinje. Kuchokera kwa Katunga amtengatenga ankakwera naye phiri, aliyense mtolo wa makilogalamu pafupifupi 25, kufika ku Mandala, n'kutsikanso naye ku Matope, kumene sitima ina, Ilala, imene kampani idatenga kwa amishoni, inkamudutsitsa pa Malombe ndi kwa Mponda kulowa m'nyanja. Paliponse pamene katundu ankatsika n'kukweranso pankafunika nyumba, mlonda, kalaliki ndi nsalu zolipira anthu. Kuwonjezera apo Stevenson adapereka mapaundi 4,000 kuti alambule msewu wochokera ku Karonga kupita kunyanja ya Tanganyika, ntchito imene idapha mainjiniya awiri, James Stewart mu 1883 ndi William McEwan mu 1885, msewuwo usanathe. Zonsezi pa mpamba umene ukadakwanira bwino kampani yongokhala padoko.

Njira yotere imasankha yokha katundu woyendamo. Livingstone ankalota za thonje la m'chigwa cha Shire, koma thonje, mtedza kapena chitowe sizikadalipira mitu yonse imene zikadadutsapo zisanafike ku Quelimane. Khofi adafika ku Blantyre mu 1878, koma adatenga zaka kuti akhale mbewu yotumiza kunja mochuluka. Chinthu chimodzi chokha chidali chodula mokwanira kuti chisenzedwe mtunda wonsewo n'kutsalabe ndi phindu: minyanga ya njovu. Motero kampani imene idabwera kudzaphunzitsa anthu malonda atsopano idapezeka ikudya ndalama za amishoni ponyamula katundu wawo, ndipo kunja kwa zimenezo ikusaka minyanga monga amalonda ena onse. Abale a Moir ankapita okha kukawombera njovu, koma mfuti zawo sizikadadzaza sitima. Minyanga yambiri idali m'manja mwa anthu omwe aja kampani idakana kugwirizana nawo. Mu 1884 kampani idatsegula sitolo ku Karonga, woyang'anira wake Monteith Fotheringham, ndipo cholinga chachikulu chidali kugula minyanga kwa Aswahili ochokera cha ku Luangwa. Apa ndiye pali chimake cha nkhani yonse. Kampani idakana kudalira amalonda a akapolo monga anzake a pangano, koma idawadalirabe monga ogulitsa pakhomo la sitolo. Idatenga manyazi a ubalewo popanda chitetezo chake, pakuti pangano limamanga mbali zonse ziwiri, pomwe wogulitsa wapakhomo alibe chokumangira ndipo iwe ulibe chomumangira.

Chenjezo loyamba lidabwera chaka chomwecho cha 1884, kumunsi kwa Shire. Kumeneko kunkalamula Amakololo, anthu amene adabwera ndi Livingstone kuchokera kumtunda kwa Zambezi n'kutsala pakati pa Amang'anja, ndipo adasanduka mafumu: Kasisi, Chipatula, Katunga, Maseya ndi anzawo. Iwo ankadziyesa abwenzi a Angerezi, ndipo njira yonse ya kampani inkadutsa pakhomo pawo. Mzungu wina, George Fenwick, amene adagwirapo ntchito kumishoni ndi kukampani koma tsopano ankachita malonda payekha, adakangana ndi Chipatula pa nkhani ya minyanga n'kumuwombera. Anthu a Chipatula adapha Fenwick, adamiza Lady Nyassa, ndipo mtsinje udatsekeka. Zidatengera Kasisi kulowererapo kuti njira itsegukenso. Fenwick sadalinso wantchito wa kampani, koma sitima ya kampani ndi imene idalipira mlandu wake, chifukwa ndi chuma chokhacho cha Azungu chimene chidali pafupi ndiponso chosatha kuthawa. Mafumu amene adali ndi mphamvu yotseka mtsinje adalibe gawo lililonse m'phindu la sitimayo, kupatula mphatso ndi malipiro a nkhuni ndi a onyamula katundu, choncho kuimiza sikudawapweteke m'thumba.

Ku Karonga zinthu zidafika poipa kwambiri. Sitima imodzi yaing'ono sinkakwanitsa kubweretsa katundu wokwanira panthawi yake, ndipo amalonda obwera ndi minyanga ankadikira nthawi yaitali pamodzi ndi magulu awo a anthu amfuti. Odikirawo adayamba kumanga midzi, kenaka malinga. Mwa amalondawo, Mlozi, Kopakopa ndi Msalemu adakhazikika m'dziko la Ankhonde, pafupi ndi njira yopita ku Tanganyika, ndipo adakokera Ahenga kumbali yawo. Mu 1887 mkangano pakati pa iwo ndi Ankhonde udasanduka nkhondo, Ankhonde ambiri adaphedwa padambo la Kambwe, ndipo othawa adathamangira kusitolo ya Fotheringham. Iye adawalandira, ndipo pa chimenecho ayenera ulemu. M'mwezi wa Novembala chaka chomwecho sitoloyo idazingidwa, m'katimo muli Azungu ochepa, mpaka adapulumutsidwa ndi ankhondo zikwizikwi a Anyakyusa ochokera kumpoto. Akatswiri a mbiri amasiyana pofotokoza gwero la nkhondoyi: ena amaloza njala ya akapolo, ena amaloza kulimbirana njira ya minyanga, ena amakumbutsa kuti Aswahili ponseponse m'zaka zimenezo ankaona Azungu akuwatsekera malonda. Koma mbali iliyonse imene munthu angatsate, sangakane kuti sitolo ya kampani ndi imene idasandutsa Karonga malo okumanirana magulu amfuti, ndiponso kuti itafika nkhondo kampani sidathe kuchoka. Kuchoka kukadatanthauza kutaya sitolo, msewu wa Stevenson, msika wa minyanga ndi anthu amene idawalonjeza chitetezo. Walira mvula walira matope: amene wafuna kukhala mwini wa njira yonse wafunanso kuiteteza ndi mfuti.

Motero kampani ya malonda idasanduka gulu lankhondo, ndipo pa ntchito imeneyo idali yosakonzeka ngakhale pang'ono. Idalemba Atonga a ku Bandawe, idaitanitsa Azungu ongodzipereka ndi olipidwa, ndipo mu 1888 idapeza msilikali weniweni, Frederick Lugard, amene pambuyo pake adadzatchuka ku Uganda ndi ku Nigeria. Malinga a Mlozi sadagwe. Abale a Moir onse awiri adavulazidwa, Lugard naye adavulazidwa n'kuchoka mu 1889, ndipo Apwitikizi, amene ankati dziko lonse la Shire ndi lawo, ankachedwetsa zida padoko. M'mwezi wa Okutobala 1889 Harry Johnston, nthumwi ya boma la Britain, adapangana mtendere ndi Mlozi, amene adatsala m'linga lake momwemo. Ndalama za kampani zidali zitathera pankhondo. Nthawi yomweyo Cecil Rhodes adali atangolandira chikalata cha ufumu wa Britain chololeza British South Africa Company kulamula maiko a kumpoto kwa Limpopo, ndipo ankafuna mwendo kunyanja. Adayamba kugula masheya, ndipo pofika 1893 kampani yake ndiyo idali ndi mawu. Mu 1894 dzina lidakhala African Lakes Corporation. Anthu amene adakana kugawana ulamuliro ndi Myao, Mswahili kapena Mkololo adatha ndi kupereka ulamulirowo kwa munthu wa migodi ya diamondi ku Kimberley, amene nkhani ya ulaliki sinkamudetsa nkhawa konse.

Wina anganene kuti ndikuweruza anthu amene adalibe chosankha. Kodi akadagwirizana ndi yani, popeza aliyense wamphamvu m'malonda adali ndi dzanja mu ukapolo? Kutsutsa kumeneku kuli ndi mphamvu, ndipo sindikuti akadayenera kupereka mpamba kwa Jumbe kapena kwa Makanjira. Koma si zoona kuti kudalibe ena. Amakololo ankatchinjiriza anthu awo kwa ogwira akapolo, adali ndi alenje a njovu, ndipo adali pamtsinje. Atonga adaonetsa msanga kuti amatha kuyendetsa sitima, kutsogolera maulendo ndi kusunga katundu, ndipo akapitawo ambiri a kampani adachokera mwa iwo. Anthu amenewa kampani idawaona ngati antchito, alonda ndi asilikali, osati ngati amalonda amene ingawapatse nsalu pangongole kuti akagule okha ndi kudya nawo phindu. Chimene chidatsekereza si kusowa kwa anthu, koma chikhulupiriro chakuti malonda oyera ayenera kukhala m'manja mwa Mzungu kuyambira ku Glasgow mpaka pakhonde la mfumu. Ndiponso ngakhale tikadavomera kuti mnzawo woyenera kudalibe, padali chosankha china: kuchepetsa mwendo. Kampani ikadatha kukhazikika pa Shire ndi kumapiri a Blantyre, kumene idali ndi abwenzi ndi makasitomala otsimikizika, m'malo motambasula mapaundi 20,000 kuchokera ku Quelimane mpaka ku Tanganyika. Amishoni a ku Blantyre enieniwo adaiona kufooka kwake. John Moir atayendera mafumu mu 1885 kuwasainitsa mapangano opereka ulamuliro kukampani, ndi cholinga chopempha chikalata cholamulira dziko, amishoniwo adakana, nati kampani imene ikulephera kufikitsa katundu wawo panthawi yake singayendetse dziko.

Kutsutsa kwachiwiri n'kwakuti kampaniyi idakhala zaka zoposa 100, ndiye kalowedwe kake kangakhale bwanji kolakwika? N'zoona kuti dzina la Mandala lidafika kutali. Kampani idatsegula banki ku Blantyre mu 1894, idadzala mitengo ya mphira ku Vizara, idamwaza masitolo m'maboma kuno ndi ku Northern Rhodesia, ndipo pambuyo pake idagulitsa magalimoto, mpaka mbali imeneyo idagulidwa ndi kampani ya CFAO mu 2002. Koma kampani imene idachita zonsezi idali kugwira ntchito m'dziko losinthika kotheratu. Britain adali atalengeza mu 1891 kuti dziko lino lili pansi pa chitetezo chake, pangano ndi Portugal la chaka chomwecho lidatsegula Zambezi ndi doko la Chinde kuti katundu adutse popanda msonkho wa ku Quelimane, ndipo mtolo wa nkhondo udachoka paphewa la kampani kupita paphewa la boma. Msonkho wa nyumba udakakamiza anthu kufuna ndalama, ndipo munthu wogwira ndalama amalowa m'sitolo. Kunena mwachidule, Mandala adayamba kupuma pamene wina adatenga ntchito zimene sadayenera kudzisenzetsa. Ndipo chuma chimene adachivutikira kwambiri, masitima a pamtsinje, sichidamuteteze nthawi yaitali. Wamalonda wina, Eugene Sharrer, adabwera ndi masitima ndi masitolo ake, madzi a Shire adayamba kuphwa, ndipo njanji itafika ku Blantyre mu 1908, kenaka mlatho wa pa Zambezi utatha mu 1935, njira ya kwa Katunga ndi amtengatenga ake idatsala m'nkhani za okalamba.

Amene adabwera pambuyo adalowa mopepuka, ndipo kuwayerekeza ndi Mandala kumaphunzitsa zambiri. Imperial Tobacco Company idatsegula fakitale yake ku Limbe mu 1908, chaka chomwe njanji idafika. Siidagule masitima kapena kulemba asilikali. Idaika ndalama pa chinthu chimodzi chimene inkachidziwa kuposa wina aliyense, kusankha ndi kukonza fodya, n'kumagula tsamba kwa alimi. Amwenye, amene Johnston adawalimbikitsa kubwera m'zaka za m'ma 1890, adalowa mopepuka kuposa pamenepo. Munthu ankafika ndi mpamba wochepa, n'kupikula katundu pangongole kwa mbale wake kapena kwa kampani yaikulu, n'kutsegula kasitolo ku Chiromo, ku Port Herald kapena pamphambano ina kumudzi, akugona kuseri kwa kauntala, akuphunzira chilankhulo cha ogula ake, ndipo zikayenda ankaitana mphwake kuti akatsegule ina patsogolo. Idali njira ya ku Zanzibar yomwe ija, yangongole ndi chibale, koma tsopano yopanda akapolo, ndipo m'zaka zochepa idalanda gawo lalikulu la malonda a nsalu, mchere ndi makasu kumidzi, mpaka boma la Dr Banda lidawachotsako m'zaka za m'ma 1970. Wina adzati kuyerekezaku n'kosalungama, popeza onsewa adayenda m'njira imene Mandala adalambula. Ndikuvomera, ndipo m'pamene pali phunziro kwa kampani iliyonse yofuna kukhala yoyamba: wolambula njira ndi ndalama zake sakhala ndi mphamvu yoletsa ena kuyendamo, ndipo a ku Glasgow adalipira msewu, madoko ndi nkhondo kuti ena adzagulitsirepo.

Kutsutsa kwachitatu ndi kumene kumandigwira mtima kwambiri. Kumati Mandala sadali kampani wamba. Eni ake sankafuna kulemera, ankafuna kuthetsa ukapolo, choncho kuwayesa ndi muyeso wa phindu n'kuwalakwira. Chabwino, tiyeni tiwayese ndi muyeso wawo womwe. Ganizo lidali lakuti nsalu yotsika mtengo yobwera pasitima idzachotsa mafumu ku malonda a anthu. M'zaka 10 zoyambirira zimenezi sizidachitike. Mponda, Makanjira ndi Jumbe adapitiriza maulendo awo a kugombe, chifukwa kumeneko ankapeza mfuti, wonga, ngongole ndi ulemu zimene sitolo ya Mandala sinkatha kuwapatsa mokwanira, ndipo amene ankagulitsa minyanga kukampani sankaona chifukwa chosiyira malonda enawo. Ukapolo udatha kuno ndi nkhondo za boma la Johnston, amene adabweretsa asilikali a Chisikh ochokera ku India mu 1891, adagonjetsa mafumu a Chiyao mmodzimmodzi, ndipo m'mwezi wa Disembala 1895 adagumula linga la Mlozi n'kumupachika. Tinganene kuti kampani idathandiza mwa njira ina: kuzingidwa kwake ku Karonga ndi kuopsezedwa kwa njira yake ndi Mpwitikizi Serpa Pinto mu 1889 zidadzutsa mipingo ya ku Scotland kukakamiza boma la Britain kulowererapo. Koma ngati ndi choncho, ndiye kuti chimene idabweretsa si malonda othetsa ukapolo; idabweretsa utsamunda, umene udathetsa ukapolo n'kuikapo msonkho, thangata ndi kulanda malo. Mtima wabwino wa eni kampani sindiukayika. Chimene ndikukana n'chakuti mtima wabwino umachotsera munthu udindo wowerengera bwino, makamaka pamene olipira kulakwitsa kwake ndi anthu ena, monga Ankhonde amene midzi yawo idatenthedwa m'nkhondo yoyambira pakhomo la sitolo.

Pali chotsalira china cha kalowedwe kameneka chimene sichitchulidwa kawirikawiri. Kampani yokhala padoko sifuna malo kumtunda, koma kampani imene yaika masitolo, misewu ndi magazi ake m'dziko imayamba kufunafuna chogwira m'manja chobwezera zimene yataya, ndipo chogwirika chimakhala nthaka. Mapangano amene nthumwi za Mandala zidasainitsa mafumu a kumpoto m'zaka za m'ma 1880, panthawi imene mafumuwo ankafuna chitetezo kwa adani awo, adadzawerengedwa ngati zikalata zogulira dziko. Johnston atayamba kupereka zikalata za umwini wa malo m'zaka za m'ma 1890, mapangano amenewo adabala malo okwana maekala pafupifupi 2.7 miliyoni m'boma la North Nyasa, ndipo malowo adapita kwa British South Africa Company pamodzi ndi ulamuliro wa kampani. Palibe chosonyeza kuti Kyungu, mfumu ya Ankhonde, ndi mafumu anzake ankamva kuti akugulitsa dziko la makolo awo, chinthu chimene mwambo sunkalola mfumu iliyonse kuchita. Kampani ya Rhodes idagwira nthakayo zaka pafupifupi 40 osaitukula, idaibweza kuboma m'zaka za m'ma 1930, ndipo ngakhale pobweza idasungabe ufulu wa miyala ya pansi pa nthaka.